Foni ya achemwali ndi lamulo la zaka 18

Achemwali anga anandiimbira foni Lachinayi lina chakumapeto kwa Novembala chaka cha 2023, kunja kusanayere bwino, ndipo ngakhale moni sanapereke. Anangoti, "Achimwene, ndalama za gulu mulibe m'foni muno." Ine ndinali ku Dedza boma kumene ndimagwira ntchito, iwo ali kumudzi kwathu chakufupi ndi Bembeke. Maganizo anga anathamangira kwa akathyali aja amene amaimbira anthu n'kuwanamiza kuti atumiza ndalama molakwika, choncho ndinawauza kuti asafufute uthenga uliwonse, ndikubwera ndi minibasi yoyamba. Papita nthawi ndithu chichitikireni zimenezi, koma pali mawu amodzi amene ndinauzidwa tsiku lotsatira amene sanachokebe m'mutu mwanga, ndipo ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi.

## Masiku 9

Achemwali anali msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a m'mudzi mwathu. Chaka chimenecho gulu lina la m'mudzi woyandikana nawo linathyoleredwa bokosi, ndiye amayiwo anagwirizana kuti gawo lalikulu la ndalama lizisungidwa pa foni mpaka tsiku logawana mu Disembala, pamene aliyense amathamangira kukagula feteleza. Pa foniyo panali K380,000. M'mwezi wa Novembala womwewo ndalama ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo m'nyumba iliyonse nkhani inali yakuti ndalama zimene amayi asonkha chaka chonse sizigulanso matumba amene ankayembekezera.

Titakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga mauthenga a m'foni, ndinaona msanga kuti wakuba wochokera kutali panalibe. Ndalama zinkachoka pang'onopang'ono kupita ku kampani ina yobetchera: K500, kenako K1,000, kenako K2,000. Pofika tsiku lachisanu zinali K20,000 nthawi imodzi, ndipo usiku womaliza K50,000 inachoka kawiri motsatizana. Zonsezi zinachitika m'masiku 9, pafupifupi nthawi zonse pakati pa 10 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, achemwali ali m'tulo.

Maso a achemwali savomera zilembo zazing'ono, choncho amene ankawatumizira ndi kuwalandirira ndalama anali mwana wawo wamwamuna wa zaka 16, amene anali Folomu 2. Nambala yachinsinsi ankaidziwa chifukwa anaisankha ndi iyeyo. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini atakhala pa mtondo, ndipo ndisanamufunse kalikonse anati, "Amalume, ndimafuna ndibweze." Anafotokoza kuti anayamba ndi K500 ya kandege, masewero obetchera a pa foni oonetsa ndege ikuuluka ndi manambala akukwera, ataona anzake akusewera, tsiku loyambalo anawina K6,000, ndipo anaganiza kuti akapitiriza adzawonjezera ndalama za feteleza wa amayi ake. Atadyedwa K10,000 sankaseweranso kuti apindule, ankasewera kuti atseke dzenje mayi ake asanaone, ndipo dzenjelo linkakula usiku uliwonse.

## Pa kauntala

M'mawa mwake ndinapita pa shopu ya kampani imene dzina lake linkaoneka m'mauthenga aja. Ndinanyamula foniyo, chitupa cha unzika cha achemwali, ndi kalata ya kusukulu yosonyeza tsiku limene mwanayo anabadwa. Ndinali ndi mkwiyo, komanso ndinali ndi chidaliro, chifukwa chinthu chimodzi ndinkachidziwa bwino: m'dziko muno mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova juga. Ndinkaganiza kuti ndikangoika mapepalawo patebulo, wina achita manyazi ndipo nkhani yobweza ndalama iyambika.

Nthawi inali isanakwane 9 koloko koma mabenchi anali atadzaza kale. Munali anyamata a kabaza, ena ogulitsa mbatatesi pamsewu, ndi bambo wina wachikulire amene ankalemba mayina a matimu a ku England kuseri kwa tikiti yakale. Pansi panali mbwee matikiti ong'ambika. Pachitseko panali pomatidwa chizindikiro cha nambala 18 yozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndipo ndinachiyang'ana ngati mboni yanga.

Mtsikana wa pa kauntala anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenako anaitana mkulu wake. Mkuluyo anatenga foni, anaona nambala, anaona chitupa, anaona kalata ya kusukulu, n'kundibwezera zonse ndi manja awiri. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anati, "Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zachitikazi. Koma mwanayu sanalowepo muno, akanalowa tikanamubweza, chizindikiro mwachiona pakhomo. Akauntiyi inatsegulidwa pa nambala ya mayi, ndipo nambalayo inalembetsedwa ndi chitupa chawo. Kwa ife, amene anabetcha ndi mayi a zaka 43."

Ndinamufunsa ngati panalibe aliyense amene anadabwa kuona munthu amene sanabetchepo chibadwire akutaya K50,000 kawiri cha m'ma 1 koloko usiku. Anayankha kuti zimenezo zimachitikira m'makina, iwo pa shopupo amangogulitsa matikiti. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi ndikufunafuna bodza m'mawu ake kuti ndiligwire, koma sindinalipeze. Bamboyo ananena zoona, ndipo chimene chinandipweteka ndi chimenecho. Achemwali anga, amene sadziwa n'komwe kuti kandege amaoneka bwanji, ndi amene analembedwa m'mabuku a kampani ngati kasitomala wamkulu wodziwa chimene akuchita, ndipo mwana amene anachita zonsezi sankaoneka paliponse. Ndinatuluka ndikudutsa pa chizindikiro chija, ndipo ulendo uno ndinachiona mosiyana: chinkalondera chitseko cha matabwa, pamene mwana wathu analowera pa chitseko china chimene chinali pansi pa pilo wa mayi ake.

## Lamulo lilipo

Kwa milungu ingapo ndinkauza aliyense kuti m'Malawi muno juga alibe lamulo. Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti ndinkalakwitsa, ndipo ndiyenera kuvomera zimenezo poyera. Lamulo loyendetsera juga la Gaming Act linakhazikitsidwa m'chaka cha 1996, ndipo ndi limene linabala bungwe la Malawi Gaming Board. M'chaka cha 2003 kunabwera lamulo lina la Lotteries Act loona za malotale, lokhala ndi bungwe lakelake la National Lotteries Board. M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la Gaming and Lotteries Act, limene linaphatikiza mabungwe awiriwo kukhala limodzi, la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene ambiri timangolitchula kuti MAGLA. Bungweli ndi limene limapereka ziphaso kwa makasino, makampani obetchera ndi oyendetsa malotale, ndipo lili ndi mphamvu zoyendera malo amenewa ndi kuchitapo kanthu pa amene akuchititsa juga popanda chiphaso. Malire a zaka 18 nawo si ongopeka, chifukwa kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka zimenezo.

Koma mukayang'ana zaka zimenezi mudzaona pamene pali vuto. Lamulo la m'chaka cha 1996 linkaganizira kwambiri juga wa m'kasino, malo okhala ndi chitseko chimodzi, mlonda pakhomo, ndi anthu olowamo amene anali ndi ndalama zoti ataye. Kuona msinkhu wa munthu kunali kosavuta chifukwa munthuyo ankaima pamaso pako. Maganizo akuti chitetezo chili pakhomo anachokera kumeneko, ndipo ndikuona kuti tikuyendabe nawo ngakhale kuti juga anasamuka kalekale n'kulowa m'thumba mwa aliyense.

Wina anganene kuti foninso ili ndi khomo lake, popeza m'chaka cha 2017 tinalembetsa zitupa za unzika ndipo m'chaka cha 2018 nambala zonse za foni zinayenera kulembetsedwa. Zimenezo n'zoona, koma dongosololo limaganiza kuti foni imodzi ndi ya munthu mmodzi. Kumudzi kwathu foni ndi ya banja lonse. Imalembetsedwa m'dzina la amene anali ndi chitupa tsiku limenelo, nthawi zambiri mayi kapena agogo, koma amene amaigwiritsa ntchito ndi mwana amene amatha kuwerenga Chingelezi cha m'mauthenga. Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya ejenti tsiku la msika ku Bembeke, ku Chimbiya kapena ku Lizulu anaonapo mayi akupereka foni kwa mwana kuti alembe nambala yachinsinsi. Lamulo likamafunsa msinkhu wa mwini nambala, limalandira yankho loona la funso lolakwika.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandiganizitsa kwambiri. M'chaka cha 2020 boma linaika msonkho wa 20 peresenti pa ndalama zimene munthu wawina pa juga ndi pa malotale. Mlingo wake wakhala ukusintha kuchokera nthawi imeneyo, koma kadulidwe kake ndi kamodzi: kampani imachotsa msonkhowo wowinayo asanalandire ndalama zake. Palibe wamsonkho amene amayenda pa njinga kupita ku Bembeke kukatolera, makina amachita okha, usana ndi usiku. Sindikutsutsa msonkhowo, dziko likufunika ndalama. Chimene ndikunena n'chakuti ngati dzanja la lamulo limatha kulowa m'foni pakati pa usiku kukatenga gawo la boma, dzanja lomwelo lingathenso kulowa m'foni yomweyo kukaimitsa akaunti ya masiku 9 imene yayamba kumeza K50,000 pa mphindi zochepa.

## Masamu amene mwanayo sanauzidwe

Madzulo ena ndinakhala pansi ndi mwana wa achemwaliyo ndi kope lake la masamu, chifukwa ndinaona kuti mumtima mwake ankakhulupirirabe kuti linali tsoka chabe, ndipo tsiku lina mwayi ukanatembenuka. Ndinamuuza kuti tiyerekeze masewero amene mbali ziwiri zili ndi mwayi wofanana ndendende. Kampani ikapereka 1.90 mbali iliyonse, kutanthauza K1.90 pa K1 iliyonse imene wowina anaika, ndipo anthu awiri aika K1,000 aliyense pa mbali zosiyana, m'bokosi mumalowa K2,000 koma wowina amalandira K1,900. K100 yotsalayo ndi ya kampani, kaya wawina ndi uyu kapena uyo. Kampani sikubetcha nawo, ikungodula gawo lake pa ndalama iliyonse yodutsa, ndipo munthu akamabwereza kambirimbiri gawo laling'onolo ndi limene limamumaliza.

Tinawerengeranso tikiti ya magemu 10 imene anyamata amaikonda chifukwa K200 imalonjeza ndalama zambirimbiri. Ngati gemu iliyonse ili ndi mwayi wa theka, mwayi woti onse 10 alowe ndi umodzi pa 1,024. Koma tikiti ya mpira imakudikiritsa mpaka mpira uthe, ndipo m'maola amenewo mtima ukhoza kuzizira. Kandege sadikiritsa. Ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, wina n'kuyamba pomwepo, moti munthu akhoza kusewera maulendo ambirimbiri pa ola limodzi, ndipo gawo la kampani lija limadulidwa pa ulendo uliwonse. Mwanayo anayang'ana kopelo nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Ndiye amalume, iwowo amadziwa kale zimenezi?" Ndinamuyankha kuti inde, bizinesi yake ndi imeneyo, ndipo ndi yololedwa. Chimene ndimaona kuti si chilungamo n'chakuti chenjezo limene limaperekedwa ndi kamzere kakang'ono ka Chingelezi kouza anthu kuti azibetcha mosamala, pamene malonjezo a mamiliyoni amalengezedwa m'Chichewa chomveka bwino, pa wailesi, pakati pa mpira umene ana akumvera limodzi ndi makolo awo.

## Kodi angoletseratu?

Abusa a kumpingo kwathu atamva nkhaniyi anati boma lingotseka zonse, ndipo masiku oyambawo ndinkagwirizana nawo ndi mtima wonse. Lero sindikuganizanso choncho. Juga wa makadi kuseri kwa msika analipo ife tisanabadwe ndipo sanafunepo chiphaso kwa aliyense. Ife a kuno tikudziwanso kuti pa Lizulu malire a dziko ndi msewu chabe, ukaoloka uli ku Mozambique, ndipo pa intaneti ngakhale msewu woti uoloke palibe. Mukatseka makampani a chiphaso, kandege sagwa, amangosamukira kwa anthu amene alibe ofesi, salipira msonkho, ndipo simungawapeze mukafuna kudandaula. Ine ndinakhumudwa pa kauntala paja, koma kauntalayo inalipo ndipo munthu anandiyankha.

Chimene ndikufuna ndi lamulo lotsatira juga kumene wapita. Maiko ena anayesapo, ndipo sitiyenera kuyamba ngati kuti palibe amene anadutsamo. Ku Uganda lamulo lawo la m'chaka cha 2016 linaika malire pa zaka 25. Ku Kenya m'chaka cha 2019 boma linalamula kuti nambala zolandirira ndalama za pa foni za makampani angapo obetchera zitsekedwe pa nkhani ya ziphaso, zimene zinaonetsa kuti mpope wa ndalama za pa foni boma likhoza kuugwira likafuna. Ku Britain kuli dongosolo la GAMSTOP, limene munthu amalembetsa kamodzi kokha n'kutsekeredwa ku makampani onse a chiphaso obetchera pa intaneti, ndipo kuyambira m'chaka cha 2020 kubetcha ndi khadi la ngongole n'koletsedwa kumeneko.

Kwa ife, chinthu choyamba chikanakhala chakuti akaunti yobetchera isamatseguke chifukwa chakuti nambala ya foni ili m'dzina la munthu wamkulu basi. Wotsegulayo aonetse nkhope yake pamodzi ndi chitupa, kaya kwa ejenti kaya pa kamera, ndipo afunsidwenso pamene ndalama zayamba kukwera modabwitsa. Zikanakhala choncho mwana wathu akanaimitsidwa pa K500 yoyamba ija, chifukwa sakanadzutsa mayi ake usiku kuti ajambulitse nkhope. Akaunti yatsopano ikhalenso ndi malire a ndalama zimene ingataye pa tsiku, malire oikidwa ndi lamulo osati osiyira wosewerayo kuti adziikire yekha, popeza munthu amene akuthamangitsa ndalama zake zotayika sangadziikire malire. Ndipo mwini nambala, ngati achemwali anga, akhale ndi njira yapafupi, ya m'Chichewa, yotsekera nambala yake ku makampani onse nthawi imodzi, ngakhale pa foni ya mabatani.

Pali mbali inanso imene sitiikamba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaika vuto losatha kusiya juga m'gulu la matenda, pafupi ndi mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mwana wa achemwaliyo anatha milungu osagona bwino, akudzidzimuka usiku, ndipo anandiuza kuti akatseka maso ankaona manambala aja akukwera. M'mudzi ankangotchedwa wakuba. Ndikanakonda kuti gawo lodziwika la ndalama zimene boma limatolera ku juga lizipita ku uphungu wa anthu otere m'maboma, kufupi ndi kumene akukhala, chifukwa mnyamata wa kabaza wa ku Linthipe sangakwere basi kupita mumzinda kukafuna munthu womumvetsera.

Sindikuchotsa udindo pa banja lathu. Tinalakwa kusiya nambala yachinsinsi ya ndalama za anthu m'manja mwa mwana, ndipo ine monga malume wake ndinalakwa kusadziwa zimene ankachita ndi anzake. Mwanayonso anadziwa kuti ndalamazo si zake. Koma lamulo la zaka 18 linaikidwa podziwa kuti ana amalakwitsa ndipo makolo sangaone zonse. Likanakhala lodalira kuti banja lililonse likhale langwiro, sipakanafunika kulilemba n'komwe.

## Pansi pa mtengo wa mapeyala

Loweruka la sabata yomweyo amayi a gulu anakumana pabwalo la tcheyamani wawo, ndipo ine ndinapita monga mwini mbumba. Achemwali anagwada n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Panali phokoso, ndipo ena ankafuna kuti nkhaniyi ipite kupolisi tsiku lomwelo, zimene sindikanawadzudzula nazo chifukwa feteleza wawo ndi amene anapita. Mayi wina wachikulire, amene anali ndi masheya ambiri kuposa onse, anadikira kuti phokoso lithe n'kunena kuti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga mwa ife tonse tili pano, ndani amene foni yake sagwira mwana?" Palibe anayankha.

Anagwirizana kuti ndalamazo zibwezedwe m'magawo. Ine ndinapereka K150,000 imene ndinakongola kuntchito, achemwali anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo zotsalazo zinadikira mbatatesi. Chaka chimenecho amayi angapo anathira feteleza mochedwa ndipo chimanga chawo chinaonetsa. Gululo linasinthanso malamulo ake: ndalama zikakhala pa foni, nambala yachinsinsi imagawidwa pakati pa amayi awiri, wina manambala awiri oyamba, wina awiri omaliza, monga mmene ankachitira ndi makiyi a bokosi. Mwanayo anabwerera kusukulu, ndipo pa tchuthi chilichonse ankanyamula matumba pamsika mpaka ngongole ya mayi ake inatha m'mwezi wa Ogasiti chaka chotsatira.

Achemwali anakana kusintha nambala ya foni chifukwa ndi imene abale onse ndi ogula mbatatesi amaidziwa. Mwezi wathawu nditapita kumudzi anandipatsa foniyo kuti ndiwawerengere uthenga wa Chingelezi umene unabwera usiku, poopa kuti mwina ndi wa kusukulu. Unali wochokera ku kampani ija, wowauza kuti papita nthawi asanasewere ndipo awasungira bonasi akangoikamo K1,000. Ndinawamasulira mawu onse monga mmene analembedwera. Anakhala chete pang'ono, kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi kumeneko dzina langa lidakalipobe?" Ndinawauza kuti inde, lidakalipo.